Kaundula wa makemikolo oopsa pa intaneti: ndiyambire pati?

Mayi wa ku Chibanja

Ndikupereka moni kwa nonse, ndipo ndikupempha nzeru kwa anzanga amene mumagwira ntchito m'malabotale, makamaka inu a kuno ku Mzuzu amene mukudziwa mmene magetsi ndi netiweki zimakhalira kwathu kuno. Miyezi iwiri yapitayo ndinapatsidwa udindo woyang'anira chipinda chosungiramo makemikolo pa koleji ina mumzinda muno, bambo amene anachisamala kwa zaka zambiri atapuma pa ntchito. Anandisiyira makiyi atatu ndi buku lalikulu la chikuto cholimba, n'kundiuza kuti zonse ndizipeza m'bukumo. Sindikuwaimba mlandu, chifukwa ankagwira okha popanda wowathandiza, koma nditayamba kuyerekeza bukulo ndi zimene zili m'mashelefu ndinaona kuti buku likunena zake, mashelefu akunenanso zawo.

Buku likuti tili ndi mabotolo anayi a sulfuric acid a malita 2.5 lililonse, koma ine ndapeza asanu ndi limodzi, ndipo awiri mwa iwo anali kunsi kwa sinki m'chipinda chophunziriramo, pamalo pamene ophunzira amaponya zikwama zawo. Mapepala a mayina pa mabotolo ena anamatuka ndi chinyezi, ena anadyeka moti patsala zilembo zitatu kapena zinayi. Zonse anazindandalika motsatira alifabeti, kuyambira acetic acid, acetone, ammonium nitrate mpaka kukafika ku zinc. M'mawa wina mu Juni ndinapeza botolo la acetic acid litaundana gwa, ndipo ndinaliika pambali poganiza kuti lawonongeka. Kuseri kwenikweni kwa shelefu ya pamwamba kuli kabotolo ka chitsekerero chachitsulo chochita dzimbiri, mkati mwake muli ufa wachikasu wouma, ndipo pa pepala lake pakuoneka zilembo zoti "picr" zokha. Kabotolo kameneka m'buku mulibe.

Akuluakulu a koleji andiuza kuti akufuna kaundula wa pa intaneti, kuti aphunzitsi azitha kuona pa foni zimene zilipo asanalembe pempho logula zina, ndiponso kuti ofesi yogula katundu isamagule zimene tili nazo kale. Ndikufunsa tsono kuti ndi pulogalamu iti imene ingatiyenere, poti ndalama ndi zochepa ndipo netiweki m'chipindamo imabwera ikafuna. Ndikufunanso kudziwa zimene ndiyenera kulemba pa kemikolo iliyonse, chifukwa sindikufuna kusamutsira chisokonezo cha m'buku mu kompyuta.

Bambo wa ku Katawa

Mayi, ndisanafike ku nkhani ya pulogalamu ndiyambe ndi kabotolo kachikasuko, chifukwa ndi kamene kandichititsa kuyankha usiku uno. Chonde musakatsegule, musakagwedeze, ndipo musakasunthe. Ngati ndi picric acid, monga zilembozo ndi mtundu wa ufawo zikusonyezera, dziwani kuti amaigulitsa ndi kuisunga ili yonyowa, ili ndi madzi osachepera magawo 30 pa 100 alionse, chifukwa ikauma imatha kuphulika ikagundidwa kapena kukhuzidwa. Choipa koposa ndi chitsekerero chachitsulocho, pakuti asidi ameneyu akakumana ndi chitsulo amapanga timchere timene timaphulika mosavuta kuposa iye mwini, ndipo timakonda kumera m'mizere momwe chitsekerero chimapotokera. Munthu amene akuti angotsegula kuti athiremo madzi ndi amene ali pangozi yaikulu. Khomani chipindacho, lembani kalata kwa akuluakulu anu mawa lomwe, ndipo iwo adziwitse apolisi komanso a Malawi Environment Protection Authority kuti papezeke odziwa kuchotsa zinthu zotere. Ife m'labotale ya chipatala tinkaigwiritsa ntchito poyeza creatinine m'magazi, imapezekanso m'madzi a Bouin osungira tizidutswa ta minofu, choncho si zachilendo kuipeza pamalo pamene kale ankaphunzitsa za thupi.

Acetic acid uja musamutaye. Akakhala wopanda madzi amaundana kutentha kukatsika kufika pa madigiri 16.6, ndipo inu mukudziwa kuti m'mawa wa Juni kuno ku Mzuzu chipinda cha simenti chimazizira kuposa pamenepo. Kuundanako ndi umboni woti asidiyo ndi weniweni. Musiyeni asungunuke yekha masana, osamuika pamoto.

Tsono pa za kaundula, langizo langa ndi lakuti musasankhe pulogalamu musanawerenge mabotolo. Tengani mnzanu mmodzi, muvale magolovesi, magalasi oteteza maso ndi makhoti, mutsegule mawindo, ndipo muyende shelefu ndi shelefu, wina akuwerenga wina akulemba. Chimene anthu ambiri amalakwitsa ndi kulemba mzere umodzi wa kemikolo iliyonse, monga "sulfuric acid, malita 15". Mzere uyenera kukhala wa botolo lililonse palokha, ndipo botololo lipatsidwe nambala yakeyake. Mabotolo anu asanu ndi limodzi ndi mizere isanu ndi umodzi, chifukwa ali m'malo osiyana, anagulidwa nthawi zosiyana, ndipo adzatha nthawi zosiyana. Buku la bambo aja linasokonekera pamenepa: linkawerenga zogulidwa, osati zimene zili pashelefu.

Pa mzere uliwonse mulembe dzina monga lilili pabotolo, kukula kwa botolo, kuchuluka kwa zimene zatsalamo, kampani imene inapanga, malo enieni mpaka shelefu yake, tsiku limene linafika, tsiku lotha mphamvu, ndi tsiku limene linatsegulidwa koyamba. Tsiku lotsegulali anthu amalinyalanyaza, koma pa diethyl ether ndi tetrahydrofuran ndi lofunika kuposa tsiku lotha mphamvu, chifukwa zikakumana ndi mpweya zimayamba kupanga ma peroxide amene amaphulika, ndipo malangizo ambiri amati botolo lotsegulidwa liyezedwe kapena lichotsedwe isanathe miyezi 12.

Musasiye nambala ya CAS, imene ndi nambala yapadera ya kemikolo iliyonse yodziwika padziko lonse. Dzina limanyenga: wina alemba caustic soda, wina sodium hydroxide, wina NaOH, ndipo kompyuta iziona ngati zinthu zitatu, pamene nambala yake ndi imodzi, 1310-73-2. Sulfuric acid ndi 7664-93-9, acetone ndi 67-64-1, picric acid ndi 88-89-1. Pa CAS iliyonse, nambala imodzi ya kumapeto ija ndi yotsimikizira zinzake, choncho pulogalamu yabwino imakukanizani mukalakwitsa polemba. Pa kemikolo iliyonse pezaninso chikalata cha chitetezo chimene amachitcha SDS. Chili ndi magawo 16 motsatira dongosolo la GHS, logawa makemikolo ndi kuwaika zizindikiro potengera kuopsa kwawo, limene bungwe la United Nations linatulutsa koyamba mu 2003, ndipo inu mudzafuna kwambiri gawo 2 la zoopsa zake, gawo 7 la kasungidwe, gawo 10 la zimene siziyenera kuyandikana nayo, ndi gawo 13 la katayidwe.

Za alifabeti zija zisiyeni ndithu. Alifabeti ndi imene yaika ammonium nitrate pafupi ndi acetone, imaikanso potassium cyanide pafupi ndi phosphoric acid, komanso sodium azide pafupi ndi sulfuric acid, ndipo botolo la cyanide kapena la azide likasweka pamodzi ndi la asidi mpweya wotulukawo umapha. Gawani potengera khalidwe: zoyaka pazokha, zokoleza moto monga ma nitrate ndi potassium permanganate pazokha, ma asidi pawokha, ma alkali pawokha, ziphe m'kabati yokhoma. Nitric acid akhale payekha ngakhale pakati pa ma asidi anzake, kutali ndi acetic acid, popeza acetic acid amayaka. Alifabeti muigwiritse ntchito mkati mwa gulu lililonse basi.

Wa makompyuta ku Luwinga

Zimene anena bambo athuwa ndikugwirizana nazo, ndipo ine ndingowonjezera mbali ya mapulogalamu, popeza ndi imene ndimadya nayo nsima. Njira zake zilipo zitatu zimene ndaziona zikugwira ntchito, ndipo sizifanana pa mtengo kapena pa mavuto ake.

Yoyamba ndi pulogalamu yopangidwira ntchito imeneyi, monga ChemInventory, imene mumaitsegula pa intaneti popanda kuika chilichonse mu kompyuta. Ubwino wake ndi wakuti mukalemba nambala ya CAS imakubweretserani yokha dzina ndi zizindikiro za ngozi za GHS, imalola kuika barcode pa botolo lililonse, ndipo aliyense amakhala ndi dzina lake lolowera. Ili ndi gawo laulere la malabotale aang'ono, koma mabotolo akachuluka mumayamba kulipira chaka ndi chaka m'ndalama zakunja. Apa ndi pamene ndikuchenjezeni, Mayi, chifukwa tonse tikudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira, ndipo kaundula amene angatsekeke chifukwa ofesi ya zachuma yachedwa kulipira angakusiyeni pamphepo tsiku limene mukumufuna. Musanalowe m'pulogalamu iliyonse, yesani kaye ngati imalola kutulutsa zonse munalemba mu fayilo ya Excel kapena CSV.

Yachiwiri ndi mapulogalamu aulere amene mumaika pa kompyuta ya koleji yanu, monga Open Enventory, imene inalembedwa ku yunivesite ya Kaiserslautern ku Germany, kapena eLabFTW. Izi zimatha kuyenda pa netiweki ya mkati mwa koleji ngakhale intaneti yakunja itadula. Mtengo wake ndi munthu: pamafunika wina wodziwa kusamala seva, kompyuta imene pulogalamuyo imakhalamo, ndi kusunga makope, ndipo munthu ameneyo akachoka ntchito zinthu zimaima.

Yachitatu ndi imene ndingakulangizeni kuti muyambe nayo. Pa KoboToolbox, webusayiti yopangira mafomu, pangani fomu yokhala ndi mafunso onse amene bambo a ku Katawa atchula, muike pulogalamu yake ya KoboCollect pa foni, ndipo mulowe m'chipindamo. Fomuyo imagwira ntchito popanda netiweki, imawerenga barcode ndi kamera ya foni, imalola kujambula chithunzi cha botolo, ndipo mukatuluka panja pamene Airtel kapena TNM ikugwira mumatumiza zonse kamodzi. Kenako muzisamutsire mu Google Sheets, momwe aphunzitsi angapatsidwe mwayi woona okha osasintha kanthu, ndipo mukhoza kuikamo lamulo loti mzere uzifiira tsiku lotha mphamvu likayandikira. Chofooka chake ndi chakuti sichidziwa za kemistiri, sichingakuuzeni kuti zinthu ziwiri siziyenera kuyandikana. Pa zimenezo ikani pa foni CAMEO Chemicals, pulogalamu yaulere ya bungwe la NOAA la ku America, imene imagwira popanda intaneti ndipo mukaiuza makemikolo awiri imakuuzani chingachitike atasakanikirana. Mayina ndi manambala a CAS mungawatsimikize pa PubChem, webusayiti ya makemikolo.

Kanthu kamodzi kakang'ono koma kondipweteka: ndinathandizapo labotale ina kusindikiza manambala pa mapepala wamba omata, ndipo itangodutsa nyengo imodzi ya mvula theka la mapepalawo anali pansi, ena inki itasuluka ndi nthunzi ya hydrochloric acid. Lembani nambala pa botolo ndi cholembera chosafufutika, kenako mumate barcode, pamwamba pake muikepo tepi yoonekera mkati. Musalolenso kuti anthu onse azilowa ndi dzina limodzi ndi pasiwedi imodzi yolembedwa pakhoma, chifukwa tsiku limene botolo lidzasowe mudzafuna kudziwa amene anasintha mzere wake.

Mphunzitsi wa sayansi ku Zolozolo

Ndikuyamika mayankho awiriwa, koma mundilole ndikhale wotsutsa pang'ono, chifukwa ndaona kaundula wa pa intaneti akufa ali wamoyo. Pasukulu pamene ndinkaphunzitsa kale tinalowetsa zonse mu kompyuta mwezi umodzi, tinasangalala, ndipo patapita chaka kaundulayo ankanama kuposa buku limene tinalitaya. Cholowa chinkalembedwa, popeza chimabwera ndi invoisi ndipo wina amasainira, koma chotuluka sichinkalembedwa ndi munthu. Mphunzitsi amabwera mothamanga belu litalira, atenga botolo la silver nitrate, alimaliza, aponya botololo m'bini, ndipo kompyuta ikupitiriza kunena kuti lilipo. Nthawi ya mayeso a pulakitikolo a MANEB itafika ndi pamene tinadziwa kuti tilibe. Choncho Mayi, funso loyamba kwa akuluakulu anu lisakhale la pulogalamu, koma lakuti ndani adzachotsa mzere botolo likatha. Ife tinapeza njira yosavuta: tinaika bokosi pakhomo, ndipo palibe botolo lopanda kanthu limene linkatayidwa lisanadutse m'bokosimo, kuti woyang'anira aliwerenge Lachisanu lililonse. Kamodzi pa teremu tinkayendanso shelefu ndi shelefu kuyerekeza ndi kaundula.

Chachiwiri, pepala musalitaye. Moto ukabuka usiku, magetsi a ESCOM atazima, ozimitsa moto a khonsolo akafika sadzakufunsani pasiwedi, adzafuna kudziwa chimene chili kuseri kwa chitseko asanathire madzi, chifukwa pali zinthu monga sodium ndi calcium carbide zimene madzi amazipsetsa mtima m'malo mozizimitsa. Sindikizani mndandanda wa tsamba limodzi kapena awiri wosonyeza magulu oopsa, kuchuluka kwake ndi malo ake, kope lina likhale kwa alonda pageti, lina mu ofesi, ndipo muzilikonzanso teremu iliyonse. Ma SDS a zinthu zimene mumagwiritsa ntchito kawirikawiri akhalenso mu fayilo ya pepala m'labotale momwemo, chifukwa mwana asidi atamulowa m'maso simudzayamba kugula bandulo. Ndingapemphenso kuti machenjezo a pakhomo alembedwe m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, popeza amene amakolopa m'zipindazo m'mawa ndi amene amayandikira mabotolo nthawi zambiri kuposa aphunzitsi.

Chachitatu, kulemba chinthu si kuchisamala. Pa 4 Ogasiti 2020 matani pafupifupi 2,750 a ammonium nitrate anaphulika padoko la Beirut, ndipo katunduyo sanali wobisika: anakhala m'nyumba yosungiramo katundu zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi, akuluakulu akudziwa ndipo makalata akulembedwa. Kaundula wanu akadzaonetsa mizere yofiira ya zinthu zotha mphamvu, payenera kukhala ndalama zochotsera zinthuzo, apo ayi mudzangokhala ndi mndandanda wokongola wa ngozi zanu. Mukamakamba ndi akuluakulu akumbutseni kuti lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limaika udindo wa chitetezo cha ogwira ntchito pa olemba ntchito, ndipo za zinyalala zoopsa zili pansi pa Environment Management Act ya 2017. Musatsanulire zotsala m'sinki poganiza kuti madzi azitenga, makamaka sodium azide, imene ikakumana ndi mapaipi a mkuwa kapena mtovu imapanga mchere wophulika m'paipi momwemo.

Ndimalize ndi chinthu chimene wa makompyuta sanachikhudze. Kaundula wa pa intaneti ndi mapu osonyeza pamene pali cyanide, mercury ndi zina zotere. Acetone, potassium permanganate, hydrochloric acid ndi sulfuric acid zilinso pa mndandanda wa pangano la United Nations la 1988 wa zinthu zimene ena amapangira mankhwala ozunguza bongo. Linki yake isayende m'magulu a WhatsApp a ophunzira.

Wa makompyuta ku Luwinga

Aphunzitsi, pa mfundo yomalizayi mwandikonza ndipo ndavomera. Mu Google Sheets musasankhe zoti aliyense amene ali ndi linki aone, koma muitane munthu aliyense ndi imelo yake, ndipo wochoka ntchito achotsedwe tsiku lomwelo. Ziphe za m'kabati yokhoma zikhale pa tsamba lina limene angalione anthu awiri kapena atatu okha. Pa za pepala sindikutsutsa, kungoti pepala lizisindikizidwa kuchokera mu kaundula wa pa intaneti ndipo pakhale tsiku pamwamba pake. Mukayamba kulemba ndi cholembera papepala kwinaku mukusinthanso mu kompyuta, mudzakhala ndi akaundula awiri osagwirizana, ndipo mudzabwerera pamene Mayiwa ayambira.

Mayi wa ku Chibanja

Zikomo kwambiri nonse, ndipo makamaka inu Bambo a ku Katawa, chifukwa kunena zoona ndinali nditakonza zoti Loweruka nditsitse mabotolo onse a pashelefu ya pamwamba n'kuwapukuta, kabotolo kaja kali momwemo. Chipindacho ndachikhoma, makiyi onse atatu ali ndi ine, kalata ndapereka kwa akuluakulu ndipo ndasunga kope lodindidwa. Zofunika pa maphunziro a sabata ino ndinali nditazitulutsa kale, choncho palibe amene akufunika kulowamo mpaka odziwa atabwera.

Podikira ndayamba ndi zipinda ziwiri zophunziriramo. Ndapanga fomu pa KoboToolbox ndipo dzulo ine ndi mnzanga tinalemba mabotolo 63, kuphatikizapo sulfuric acid wa kunsi kwa sinki uja, amene tsopano ali m'beseni lapulasitiki m'kabati yokhoma. Pa 63 amenewo, asanu ndi anayi alibe dzina lililonse lowerengeka. Ndawapatsa manambala, ndawajambula zithunzi, ndipo pa dzina ndalemba kuti "chosadziwika". Atatu ndi a madzi oyera opanda mtundu, limodzi lili ndi madzi a buluu amene ndikuganiza kuti ndi copper sulfate koma sindinalembe choncho, ndipo otsalawo ndi a ufa woyera. Funso langa tsopano ndi lakuti mabotolo osadziwikawa ndiwaike m'gulu liti pashelefu, popeza sindingathe kudziwa amene angayandikane, ndiponso ngati ochotsa zinyalala zoopsa amalandira botolo lopanda dzina kapena amafuna liyezedwe kaye.